Handiredi Yoyera ya Makina a Bambo

Pamsika pathu ku Mabvuku amanditchula mayi wamwano, ndipo sindikana. Munthu akandipatsa ndalama pogula tomato, kaya ndi abusa, kaya ndi azakhali anga enieni, ndimaikweza kudzuwa iye ali pompo. Ndimaipapasa ndi chala, ndimaipendeketsa uku ndi uku, kenako ndiye ndimamupatsa katundu wake. Ena amaseka, ena amatukwana m'Chishona kuti anthu a ku Malawi inu simukhulupirira munthu. Atukwane, pakamwa mpawo. Mwano umenewu sindinabadwe nawo ayi. Ndinachita kuugula, ndipo mtengo wake unali ulendo wa bambo anga wopita kwawo.

Bambo anabwera kuno ali mnyamata, kuchokera ku Ntcheu, pena wapansi pena pa lole. Sanabwere okha. Anali ndi mnzawo wa m'mudzi umodzi, yemwe ife ana tinakula tikumutchula bambo aang'ono ngakhale panalibe magazi pakati pawo. Awiriwo anafunda bulangete limodzi m'njira, ndipo bambo atadwala malungo chapakati pa ulendo, mnzawoyo ndiye anawabereka kumsana. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka kutopa nayo. Bambo anaphunzira utelala, nakhala pakhonde la sitolo ku Machipisa ubwana wanga wonse, akupalasa makina a mwendo. Ankati akangogula njinga abwerera kumudzi. Njinga anagula, anakwatira amayi, tinabadwa ife, amayi anamwalira, njinga inachita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Kumudzi ankangowatchula kuti mtchona.

Maso awo atachita ng'ala ndinawatenga kudzakhala nane m'zipinda zanga ziwiri. Makina aja anabwera nawo, tinawaika pakona n'kuwafunditsa chitenje. Sankaonanso bowo la singano, koma ankawathirabe mafuta mongopapasa, n'kumawalankhula ngati mwana. Ine ndinkakalipa kuti chitsulo chimenechi chikundidyera malo, ndilibe poika zigubu za madzi. Iwo ankangoti, "Chitsulo chimenechi ndi chomwe chinakuvekera yunifolomu, iwe."

Tsiku lina pafoni yanga panabwera mawu ojambulidwa kuchokera kumudzi. Anali mlongo wawo wa bambo, yekhayo amene anatsala pa ana onse a m'mimba mwawo. Mawu anali onjenjemera, a munthu wodwala. Anati, "Achimwene, kodi mudzabwera ine ndili kumanda?" Bambo anandiuza kuti ndiwaikirenso, ndinawaikira. Anati ndibwerezenso. Tsiku lonse foni inali kukhutu kwawo mpaka moto unatha. Mawa lake anandiitana nati, "Mayi, gulitsa makina. Ndikamuone mlongo wanga ali ndi maso." Akafuna kundinyengerera ankanditchula mayi, chifukwa ndinatenga nkhope ya amayi awo.

Mapepala oyendera ndinawavutikira ndekha, m'mizere yosatha ya m'tauni, mpaka anatuluka. Chinatsala chinali thiransipoti ndi kanthu kogwira m'manja, poti munthu sangafike kwawo chimanjamanja atachoka ali mnyamata. Wogula makina sanavute kupeza. Anali mwana wa bambo aang'ono, amene ine ndinkamutchula achimwene, munthu wogula ndi kugulitsa chilichonse chakale ku Dzivarasekwa. Bambo anasangalala kuti makina sakupita kwa mlendo.

Tsono kuti mumvetse kupusa kwathu, muyenera kudziwa ndalama za kuno. Madola a ku Amereka amene timagwiritsa ntchito amayenda m'manja mpaka kusanduka sanza. Amanunkha nsomba, amanunkha thukuta, ena ofewa ngati nsalu yopukutira mbale. Ikang'ambika pakona basi, m'sitolo amaikana, kondakitala wa kombi amakuponyera kumaso. Ndiye timazichapa m'madzi a sopo, kuziyanika pachingwe ndi mapegi, n'kuzisita ndi simbi yofunda pang'ono. Bambo, ngakhale osaona bwino, anali katswiri womata zong'ambika, ndipo amayi a m'mzere mwathu ankabwera nazo kwa iwo. Zaka zonsezo maso athu anaphunzira chinthu chimodzi chokha, kuopa ndalama yakuda ndi yong'ambika. Ndalama yoyera tinkaiona ngati dalitso.

Achimwene anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi, limodzi ndi bambo awo. Ndinaphika tiyi. Akuluakulu awiriwo anakambirana za kumudzi, za mtsinje umene ankasambako, za anthu amene mwina onse anafa kalekale. Kenako achimwene anatulutsa pepala limodzi m'thumba la malaya, handiredi yathunthu, n'kuliika m'mbale yomwe ndinayala patebulo. Ndalama ya pakati pa abale sipita dzanja ndi dzanja ngati pamsika. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinanyamula mbaleyo ndi manja awiri n'kupereka kwa bambo. Sindinaiyang'anitsitse. Ndikanaiyang'ana bwanji, akuluakulu ali pompo? Kukweza ndalama ya m'bale kudzuwa ndi chimodzimodzi kumunena kuti ndi mbala. Ndinangoiona chapambali kuti inali yoyera mbee, yosapindika ngakhale pakona, ndipo mtima wanga unati Mulungu alipo.

Bambo anaigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, kuopa kuidetsa. Anati, "Ha, iyi ndiye sifuna simbi!" Tonse tinaseka. Anaiika m'thumba la mkati la jekete yawo yakuda, imene anadzisokera kalekale kuti adzavale tsiku lofika kumudzi. Makina ananyamulidwa pa ngolo yokankha, ndipo pakona panatsala mabala anayi a miyendo yake pasimenti.

Nkhani inamveka mumpingo monse kuti mkulu uja akupita kwawo. Patapita masiku ochepa bambo aang'ono anabweranso, akutsimphina ndi ndodo, atanyamula kaphukusi kokulunga m'pepala lakhaki n'kumanga ndi chingwe. Munali sopo, nsalu ndi mpango, zoti zikaperekedwe kwa ana a malemu mng'ono wawo. Bambo aang'onowo analibe mapepala, komanso matenda a shuga anali atawafooketsa. Anati kwa bambo, "Ine sindidzakapondako. Ukafika ukandipondereko, ukawauze kuti sindinawaiwale." Anagwirana manja nthawi yaitali. Bambo anaika kaphukusiko pamwamba pa sutikesi yomwe inali italongedzedwa kale.

Ine ndiye ndinatumidwa kukagula tikiti. Ndinakwera kombi ya m'tauni, handiredi ili m'kansalu pachifuwa, dzanja lili pompo njira yonse kuopa opisa m'thumba. Pawindo pogulitsira matikiti a mabasi a ku Malawi panali mtsikana wovala magalasi. Ndinamupatsa ndalamayo monyadira ndithu. Anaikanda ndi chikhadabo pajekete ya munthu wojambulidwa pakati paja. Anaikweza ku getsi. Anaipendeketsa. Kenako anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu m'Chishona kuti, "Mai, iyi ifeki."

Ndinamukalipira, ine. Ndinati iwe mwana, ndalama yoyera chonchi unayamba waionapo? Sanakwiye. Anatulutsa ina m'kabati mwake, yakale, yothimbirira, nati ndipapase zonse ziwiri. Yake inali ndi timizere tokhakhala pajekete paja, tomveka pachala. Yanga inali yosalala see. Anandionetsa powala kuti m'yakeyo muli nkhope ina yobisika ndi kaulusi koyenda mkati mwa pepala, ndipo nambala ya pakona imasintha mtundu ukaipendeketsa. M'yanga nkhope yobisikayo inali yochita kudinda pamwamba, ndipo nambala inangokhala duu. Anandikankhira pansi pawindo nati, "Bisani, muzipita mlonda asanamve. Akaitana apolisi mugona mkati ndinu."

Mayo ine! Ndinaibweza m'kansalu msangamsanga. Ndinatuluka osadziwa kumene ndikulowera, anthu akundigunda mapewa. M'kombi yobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo, wothinana, chigubu cha munthu wina chili pamaondo anga, ndipo ndinkangoona ngati aliyense akudziwa chimene chili pachifuwa panga. Ndinkafuna kukuwa koma ndinalibe womukuwira.

Ine sindidziwa kubisa mawu. Nditangolowa m'nyumba ndinaponya pepalalo patebulo n'kunena kuti, "Bambo, mwana wa mnzanu uja watipatsa pepala! Feki iyi!" Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kutuluka pakamwa pa munthu wopemphera. Bambo anangoti, "Bwera nayo kuno." Ulendo uno sanaigwire m'mphepete. Anaiika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuifikisa monga ankachitira ndi nsalu pofuna kudziwa ngati ndi yabwino. Sanachedwe. Anati, "Pepala la kope ili." Kenako anati, "Ndikanaifikisa tsiku lija ndikanadziwa. Koma ndikanaifikisa bwanji pamaso pa mnzanga?"

Ndinati ndikupita pompano kwa bambo aang'ono kuti aitane mwana wawo abweze makina. Apa ndiye bambo anakweza mawu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Ukapita kumeneko si iwe mwana wanga. Munthu uja anandibereka kumsana. Ndi wodwala, ndipo mwana amene akumudyetsa ndi yekhayo. Ukufuna afe akudziwa kuti magazi ake anandibera ine? Asadzamve, ngakhale ine ndili m'manda." Ndinati nanga mlongo wanu? Anatembenukira kukhoma.

Kwa bambo aang'ono anandiletsa, koma za ku Dzivarasekwa sanatchule. Mawa lake ndinasiya tomato wanga ndi mnzanga, n'kukwera makombi awiri. Achimwene ndinawapeza pakati pa mafiriji akufa ndi mipando yothyoka. Nditawaonetsa pepalalo anagwira kumutu, nati iwo anailandira kwa anyamata osintha ndalama mumsewu m'tauni, ndipo sanadziwe kanthu. Ndinati chabwino, bwezani makina. Ati makina anagulitsa kale kwa munthu wa kutali. Ndinati ndiye mutipatse ina. Apa nkhope inasintha. "Chemwali, ndalama yagona kwanu masiku onsewa. Ndidziwa bwanji kuti ndi yomwe ija? Munalekeranji kunena pompo?" Ndinatsala pang'ono kuwalavulira. Ankadziwa bwino lomwe chifukwa chimene sindinanenere pompo, poti nawonso analeredwa ndi mwambo womwewo. Kenako anati, "Ngati mukufuna, tiyeni kwa mdala tikamuuze. Koma shuga wake mukumudziwa." Mpaka lero sindidziwa ngati anachita dala kapena nawonso anapusitsidwa, ndipo kusadziwako kumandiwawa kuposa kudziwa.

Kupolisi ndikanapita bwanji? Pepala labodza lili m'manja mwanga, mboni palibe koma akuluakulu awiri amene sakananena kanthu. Mnzanga wina pamsika anandinong'oneza kuti ndikaigulire zinthu pa kasitolo ka m'mzere wachitatu, nthawi ya chisisira magetsi atazima, anthu ali pikitipikiti. Ati chaona mnzako chapita, lero chili pa iwe, mawa chikhale pa wina. Koma mwini kasitoloko ndi mayi wamasiye ngati ine, amalera adzukulu. Nditawauza bambo zimenezi anati, "Usapatsire wina misozi yako." Ndiye onani mmene ndinalili. Kuigwiritsa ntchito ayi, kuibweza ayi, kukanena ayi, ngakhale kulira mokweza ayi, poti makoma a nyumba zathu ndi opyapyala ndipo nkhani ikanafika kutchalitchi lisanalowe dzuwa.

Ndinati basi, ndisonkhanitsa ina ndekha. Koma tomato sapanga handiredi msanga. Mipopi inali youma monga mwa masiku onse, madzi tinkachita kugula, lendi inkadikira, mankhwala a bambo ankadikira. Ndikasunga kangachepe, kanthu kena kankabwera n'kudya. Abale anga ena ali ku Joni anati zinthu zavuta, tidikire mwezi wamawa. Mwezi wamawa umenewo unkangosuntha.

Chinkandipweteka kwambiri chinali Lamulungu. Bambo aang'ono ankafika ndi ndodo yawo, kukhala pampando womwe uja, kuyang'ana sutikesi ndi kaphukusi kawo, n'kufunsa kuti, "Nanga unyamuka liti?" Bambo ankayankha mosatekeseka kuti akudikira mvula ithe, msewu wa ku Tete ndi woipa. Mvula itatha anati miyendo yatupa, sangakhale m'basi tsiku lonse. Miyendo yomweyo inali itawafikitsa kutchalitchi m'mawa womwewo! Mnzawoyo ankawaseka kuti, "Iwe ukuopa kuti akakufunsa njinga ija." Ankaseka onse awiri. Ine ndinkathira tiyi, mano ali pamlomo. Kangapo konse mawu anafika pakhosi penipeni. Bambo, ngakhale osaona, ankadziwa, ndipo ankangoti, "Mayi, kaone ngati kumpopi kwabwera madzi." Ndinkatuluka kukaima pampopi wouma mpaka mtima utsike.

Uthenga wa kumudzi unabwera m'mawa wina ndikuyala tomato. Mlongo wawo anali atamwalira. Ndinabwerera kunyumba kukawauza. Sanalire pamaso panga. Anapempha kuti ndiwaikirenso mawu aja a pafoni, ndipo anamvera kamodzi kokha n'kundibwezera. Ndinakwiya tsiku limenelo kuposa masiku onse. Ndinati, "Mwaona tsono? Ulemu wanuwo wakupindulirani chiyani?" Anati, "Wandisiyira mnzanga." Ndinangomenyetsa chitseko.

Sutikesi sanaimasule. Ankati adzapitabe kukaona manda. Koma kuyambira pamenepo anayamba kuchepa, kudya pang'ono, kukhala nthawi yaitali atayang'ana pakona pamene panali makina. Nyengo yozizira itafika anagwidwa chifuwa, ndipo sanadzukenso. Tinawaveka jekete yakuda ija. Anagona m'manda a kuno ku Mabvuku, pakati pa matchona anzawo.

Pamaliro, monga mwa mwambo, panali mbale ya chipepeso, imene kuno timaitchula chema. Achimwene aja anabwera, anathandiza kunyamula bokosi, anaponyamo kanthu kawo. Sindinawayang'ane. Bambo aang'ono anafika pambaleyo mochedwa, akupuma movutikira, namasula mfundo ya kampango. Munali dola imodzi, yakuda bii, yofewa, yomatidwa pakati. Ndinaizindikira. Anaimata ndi bambo anga, ndi kamatidwe kawo kaja kopingasa. Imeneyo sinafunike kuikweza kudzuwa.

Handiredi ija ndikadali nayo. Ili m'chitini pansi pa tebulo langa pamsika, ndinailemba mtanda ndi bolopeni kuti isadzapusitsenso munthu. Amayi anzanga akabwera ndimaitulutsa, ndimati papasani iyi, papasaninso yeniyeni, imvani kusiyana kwake. Ndimawauza kuti kuyera si umboni, ndipo nthawi yoyang'ana ndalama ndi pamene wokupatsayo adakali patsogolo pako, katundu wako asanachoke. Ikangogona kwanu yasanduka yanu. Akakhala m'bale, yang'anani ndithu, mupepese pambuyo. Amandimvera, ena amaseka, koma ndaona kuti ambiri tsopano amakweza kudzuwa.

Koma panatsala kaphukusi kaja. Maliro atatha ndinamasula sutikesi, zovala ndinagawira abale, ndipo kaphukusiko kanatsala pabedi, chingwe chake chili chimangire. Sikanali kanga, sindikanakasunga. Ndinakanyamula kupita nako kwa bambo aang'ono masana ena. Ndinawapeza atakhala padzuwa pakhomo, atafunda bulangete m'miyendo. Njira yonse ndinkadziuza kuti lero ndinena, mwini lamulo wapita, munthuyu adziwe chimene chinatsekera mnzake njira.

Anakalandira n'kukaika pamaondo, akusisita pepala lakhaki lija. Sopo ankamveka fungo lake ngakhale chikulungire. Kenako anandiyang'ana, maso ali ndi misozi, nati, "Mwana wanga, pali chimene chikundisowetsa tulo. Mapepala anali nawo. Ndalama mwana wanga anamupatsa, ndinaona ndi maso anga, yatsopano. Nanga analekeranji kupita? Kapena ndinamulemetsa ndine ndi katundu wangayu?"

Mawu onse anali pakamwa panga, okonzeka. Ndinayang'ana manja awo otupa, ndinayang'ana chitseko cha nyumba imene mwana wawo uja amalipira. Ndinamva ngati bambo akuti kaone ngati kumpopi kwabwera madzi. Ndinagwada pafumbi, ndinaomba m'manja.

Ndinati, "Inali miyendo, bambo. Miyendo inawakaniza."